Kodi foni imachigwira bwanji chithunzi?

Ana inu, ngati nyumba ya kwanu ndi yamalata, kapena kalasi yanu ili ndi denga limene linabookapo ndi msomali, tsiku lina masana mutseke zitseko ndi mawindo, muyang'ane pansi. Mudzaona kadontho ka kuwala. Mukayang'anitsitse. Kaya bowolo ndi lokhota bwanji, malinga likhale laling'ono ndipo denga lili patali, kadonthoko kamakhala kozungulira. Chimene mukuonacho si maonekedwe a bowo ayi. Ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo, limene ndi lozungulira. Nyumba yanu yasanduka kamera, yopanda batire, yopanda mayunitsi.

Foni imene achimwene anu amatolera zithunzi pamsika wa pa Chitipa boma, kapena ija ya aphunzitsi ku Nthalire, imayambira pomwepa: kabowo, mdima mkati, ndi kuwala kolowa. Zina zonse anthu akhala akuziwonjezera pang'onopang'ono.

Mnzanu akuyenda mutu pansi

Kuwala kumayenda molunjika. Tiyerekeze kuti panja pali mtengo wa mango, ndipo inu muli m'chipinda chamdima chimene chili ndi kabowo kamodzi pachitseko. Kuwala kochokera kunsonga kwa mtengowo, kuti kudutse pakabowo, kuyenera kutsetsereka, ndiye kukafika pakhoma kumagwera m'munsi. Kochokera patsinde kumakwera, n'kukagwera m'mwamba. Mapeto ake pakhoma pamaoneka mtengo wozondoka, tsinde kumwamba masamba pansi.

Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, munthu wina wanzeru dzina lake Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra koma amene anakhala nthawi yaitali ku Cairo m'dziko la Egypt, anafufuza zimenezi pogwiritsa ntchito nyale ndi chipinda chamdima. Pa nthawiyo ambiri ankakhulupirira kuti maso ndiwo amatulutsa kuwala n'kukakhudza zinthu. Iye anasonyeza kuti ayi, kuwala ndiko kumachoka pa zinthu n'kulowa m'maso mwathu.

Mukhoza kudzionera nokha lero lomwe. Pezani chitini chopanda kanthu, chotsukidwa bwino, chosathwa m'mphepete. Pemphani munthu wamkulu aboole pakati pa kunsi kwake ndi kamsomali kakang'ono kwambiri. Kukamwa kwa chitinicho phimbaniko ndi pulasitiki yoyera yopyapyala, ya jumbo ija, muikoke kuti isakwinyike, n'kuimanga ndi mphira. Kenako fundani chitenje kapena bulangeti kumutu. Chitini chikhale patsogolo pa maso anu, mbali yobookayo itulukire kunja, iloze kumene kukuwala kwambiri. Dikirani pang'ono kuti maso azolowere mdima. Papulasitikipo mudzaona phiri, nyumba, kapena mnzanu akuyenda mutu pansi miyendo m'mwamba. Muuzeni adumphe, mudzamuona akudumphira pansi! Koma dzuwa lokha musaliyang'ane, kaya ndi maso kaya posuzumira pabowo, chifukwa limawononga maso.

Chithunzi cha m'chitini chimakhala chofooka, popeza kabowo kakang'ono kamalowetsa kuwala kochepa. Mukakulitsa bowo, chimawala koma chimasokonekera, simungasiyanitsenso mbuzi ndi galu. Vuto limeneli linatha ndi lenzi, kagalasi kotukuka pakati, kamene kamalandira kuwala kochuluka n'kukupinda kuti kukumane pamalo amodzi. Kagalasi kakang'ono kozungulira kali kumbuyo kwa foni kaja ndiko khomo la lenzi, ndipo mkati mwake muli timalenzi tingapo tosanjikizana. M'diso mwanunso muli lenzi. Chithunzi chimene chimagwera kumbuyo kwa diso lanu chimakhala chozondoka ngati cha m'chitini chija, kungoti ubongo unazolowera kuchimva molondola.

Kuchigwira kuti chisathawe

Mukachotsa bulangeti, chithunzi cha m'chitini chatha. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankachiona koma osatha kuchisunga, kupatula kuchitsatira ndi pensulo. Cha m'ma 1826 kapena 1827, Nicéphore Niépce wa ku France anapaka mtundu wina wa phula pa chitsulo chosalala, n'kuchiika m'bokosi loloza pawindo la nyumba yake. Pamene kuwala kunagwera kwambiri, phulalo linauma. Pena ponse anatsukapo, ndipo panatsala chithunzi cha madenga ndi makoma. Kuti zitheke, bokosilo linakhala chitsegukire kwa maola osachepera 8. Chithunzicho chilipo mpaka lero, ndipo ndicho chakale kwambiri mwa zonse zojambulidwa ndi kamera zimene zinasungika. Mu 1839 Louis Daguerre, amene anagwirapo ntchito ndi Niépce, analengeza njira yachangu, ndipo anthu anayamba kukhamukira kokajambulitsa nkhope zawo.

Kuno kwathu makamera oyamba anabwera ndi azungu. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858, ankajambula zithunzi paulendowo. Koma dzina limene ndikufuna mulisunge ndi la Mungo Murray Chisuse, Mmalawi amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, ndipo anatchuka ndi luso lojambula zithunzi zaka zoposa 100 zapitazo. Iyeyu ndiye anajambula zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake chisanafike chaka cha 1915. Mukatenga K500 mumaona nkhope ya Chilembwe. Nkhope imeneyi timaidziwa chifukwa panali anthu amene anaimika kamera patsogolo pake iye ali moyo. Mafumu ndi anthu ena ambiri a nthawi imeneyo tinangotsala ndi mayina awo, nkhope zawo palibe amene angazione.

Funsani agogo kapena makolo anu mmene zinkakhalira m'masiku a filimu, kampukutu kamene ankaika m'kamera kuti kazigwira zithunzi. Adzakuuzani za wojambula woyenda panjinga, kamera ili m'khosi, amene ankafika patsiku la ukwati kapena la Khirisimasi. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36 basi. Akakujambula sunkaona kanthu. Unkadikira filimu ithe, ipite kutauni kokatsukidwa, ndipo kalelo msewu wa ku Karonga usanathiridwe phula ulendo sunali wamasewera. Chithunzi chikabwera, mwina n'kupeza kuti unaphethira, maso ali chitsinzinire. Unkalipirabe.

Chithunzi chopangidwa ndi manambala

Mu 1975, Steven Sasson, injiniya wachinyamata wa kampani ya Kodak ku America, analumikiza kamera yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu 3.6, pafupifupi mapaketi anayi a shuga, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa kaseti, ya mtundu uja anthu ankamvetserera nyimbo. Mafoni okhala ndi kamera anayamba kugulitsidwa ku Japan cha m'ma 1999 ndi 2000. Tsono filimu itachoka, pamalo pake panabwera chiyani?

Panabwera sensa. Ndi kachipangizo kafulati, kochepa kuposa chikhadabo chanu, kamene kali kuseri kwa lenzi, pamalo paja m'chitini munaikapo pulasitiki. Pankhope pa sensa pali timabokosi ting'onoting'ono tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere. Kabokosi kalikonse kali ndi ntchito imodzi yokha: kuyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwakagwera. Kuwala kukagwera, mumabadwa timagetsi. Kukachuluka timagetsito timachuluka, kukachepa timachepa. Foni imawerenga kabokosi kalikonse n'kulemba nambala. Kadontho kamodzi ka chithunzi kopangidwa motere kamatchedwa pikseli.

Izi zimamveka bwino mukazichita ndi manja. Tengani kope la masamu, la timabokosi lija. Lembani malire a mabokosi 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mkatimo jambulani nyumba kapena chilembo choyamba cha dzina lanu, koma podetsa mabokosi athunthu, osadula bokosi pakati. Mnzanu akhale chokufulatirani ndi kope lake, atalembanso malire ofanana. Tsopano muwerengereni mzere ndi mzere, kuyambira kumanzere: bokosi loyera nenani 0, lodetsedwa nenani 1. Iye azidetsa paliponse pamene mwanena 1. Mukafika bokosi la 100, yerekezani makope anu. Ngati palibe amene wasokoneza, nyumba yanu yasamukira m'kope la mnzanu chonsecho iye sanaione. Mwamutumizira chithunzi ndi manambala okhaokha. Azakhali anu a ku Johannesburg akalandira chithunzi pa WhatsApp, chimene chadutsa m'mlengalenga ndi m'mawaya ndi manambala ngati omwewa, kungoti ochuluka zedi ndipo othamanga koopsa.

Mudzaonanso kuti nyumba ya mabokosi 100 ndi yamakonamakona. Kuti chithunzi chisalale pamafunika timabokosi tambiri, tating'ono kwambiri. Kamera ya Sasson inali ndi mapikseli 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, onse pamodzi 10,000. Pakatoni ya foni mukawerenga kuti 12 MP, akutanthauza mamegapikseli 12, ndiye kuti mapikseli 12 miliyoni, kuchulukitsa a Sasson ka 1,200. Komabe musanyengedwe ndi nambala yaikulu yolembedwa pakatoni. Foni ya mapikseli ambiri yokhala ndi lenzi yosalongosoka imagonja kwa ya mapikseli ochepa yokhala ndi lenzi yabwino.

Nanga mitundu imachokera kuti, poti kabokosi kamangoyeza kuchuluka kwa kuwala? Pamwamba pa timabokosi amaikapo tosefera ta mitundu itatu: tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Kabokosi kovala kosefera kofiira kamangoyeza kuwala kofiira, enanso chimodzimodzi. Kasanjidwe kofala kwambiri anakatulukira Bryce Bayer, wa ku Kodak komweko, ndipo theka la timabokosi ndi tobiriwira chifukwa maso athu amamva kwambiri mtundu wobiriwira. Foni imayang'ana kabokosi ndi anzake oyandikana nako, n'kuwerengera mtundu weniweni wa pamalopo. Pikseli iliyonse imathera ndi manambala atatu, lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Onse atatu akakhala 0 ndiye kuda bii, onse akakhala 255 ndiye kuyera mbee. Chodabwitsa n'chakuti kuwala kofiira kukasakanikirana ndi kobiriwira kumabala chikasu. Nthochi yakupsa ya ku Misuku imene mukuiona pa sikirini ilibe kadontho kachikasu ngakhale kamodzi, ndi tofiira ndi tobiriwira tikuwala pamodzi. Eni ake akalola, donthezani kadontho kakang'ono kwambiri ka madzi ndi nsonga ya udzu pa sikirini yoyera ya TV kapena ya foni yakale, kutali ndi mabowo ake. Kadonthoko kamakulitsa zimene zili pansi pake, ndipo mudzaona timitundu titatu tija. Mukatha pukutani.

Foni ili m'manja, tiyambire pati?

Yambani ndi kupukuta lenzi. Foni imakhala m'thumba, imamangidwa pachitenje, imagwiridwa ndi manja amene angodya kumene mandasi, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala fumbi la ku Chitipa silisiya kanthu. Zithunzi zambiri zooneka ngati zajambulidwa mu utsi vuto lake ndi mafuta a chala basi. Kansalu kofewa koyera n'kokwanira.

Kenako funsani kuti dzuwa lili kuti. Mukaimika mng'ono wanu dzuwa lili kumbuyo kwake, foni imaona thambo lowala n'kuchepetsa kuwala konse, ndipo nkhope yake imangoda, osazindikirika. Muzungulireni kuti dzuwa likhale kumbuyo kwa inu kapena chakumbali. Ngati simungathe, dinani ndi chala pankhope yake pa sikirini. Mafoni ambiri akatero amamva kuti chofunika ndi pamenepo, ndipo amawalitsa nkhopeyo. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndiye masana lowetsani munthuyo mumthunzi wa mtengo kapena pakhonde. Nthawi imene ine ndimaikonda ndi m'mamawa ndi chakumadzulo, pamene kuwala kumabwera chopendekera, kofewa, n'kuonetsa mizere iliyonse ya m'munda ndi makwinya a nkhope ya agogo. Ana a ku Misuku muli ndi mwayi wina, nkhungu ya m'mawa ikamatsika m'zigwa, nsonga za mapiri ndi nkhalango ya Mughese zitatsala pamwamba. Ojambula ena amalipira ndalama zambiri kuti akafike pamalo oterowo, inu mumadutsapo popita kusukulu.

Za kukoka chithunzi ndi zala ziwiri kuti chinthu chiyandikire, m'mafoni ambiri otsika mtengo palibe chimene chimayandikira. Foni imangodula pakati pa chithunzi n'kutambasula mapikseli omwewo, ndipo zimabwerera ku nyumba yamakonamakona ija. Miyendo yanu ndiyo yabwino, senderani pafupi. Izi ndikunena za duwa, nkhuku ndi mphika. Njoka, mng'oma wa njuchi, ng'ombe yolusa ndi m'mphepete mwa phompho ku mapiri a Mafinga, zimenezo zijambulireni patali. Mukadzapita ku Nyika n'kuona mbidzi, mverani zimene oyang'anira nyama akukuuzani.

Mayeso enieni a wojambula ndi chinthu choyenda, ndipo ku Chitipa muli nawo mayeso okoma, gule wa Mwinoghe. Ndi gule wachisangalalo wa Asukwa, Andali ndi Abandya, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa miyambo yamtengo wapatali ya anthu a dziko lonse lapansi. Ovina amaima mizere iwiri moyang'anizana, amuna uku akazi uku. Sipakhala kuimba. Zimene zimamveka ndi ng'oma zitatu, wezulo ndi mawu a mtsogoleri, ndipo ukatswiri wonse uli m'mapazi ndi m'kupotokola thupi.

Mukayesa kujambula guleyu madzulo kutada, mudzapeza miyendo yasanduka utsi. Chifukwa chake ndi ichi. Sensa imafuna nthawi yosonkhanitsa kuwala. Masana kuwala n'kochuluka, ndiye kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso n'kokwanira, ndipo phazi limagwidwa lili m'malere. Kukada sensa imadikira nthawi yotalikirapo, ndipo m'kanthawi kameneko phazi lachoka apa lafika apo, n'kusiya mkwasa pa mapikseli onse amene ladutsapo. Choncho jambulani kukuwala. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti. Musaime kumbuyo kwa anthu n'kukweza foni m'mwamba, mudzangotola mitu ya oonerera. Pemphani malo kumapeto kwa mizere iwiri ija, kunja kwa bwalo, mugwade, foni ikhale chapafupi ndi nthaka. Mukatero mizere yonse iwiri imalowa, mapazi amaoneka aakulu, ndipo fumbi limene akuutsa limawala. Mvetserani ng'oma ndi wezulo. Mukamvetsera kanthawi mudzayamba kudziwa pamene ovina atembenukire, ndipo chala chanu chidzadina nthawi yake isanapite. Tolani zambiri, filimu siikutha. Musaiwale oimba ng'oma, manja awo ndi thukuta lawo. Anthu ambiri amawaiwala.

Kamera ngati chida cha kusukulu

Pali zinthu zimene zimasintha pang'onopang'ono kwambiri moti maso sazindikira. Dzalani nyemba m'chitini, muimike rula pambali pake, ndipo m'mawa uliwonse muijambule mutaima pamalo amodzimodzi. Pakatha milungu iwiri, yendetsani zithunzizo mofulumira ndi chala. Mudzaona nyemba ikutukula dothi ndi khosi lopindika, ikuwongoka, ikutambasula masamba. Rula ija idzakuuzani masentimita amene yakula tsiku lililonse, ndipo manambalawo mukhoza kujambulira girafu m'kope la masamu.

Amene kwanu mumalima khofi, sankhani nthambi imodzi, muimange kansalu kuti musaisokoneze ndi ina, muziijambula kamodzi pamlungu. Kuchokera pa maluwa oyera onunkhira, kudzera pa tizipatso tobiriwira, kufika pa zofiira zoyenera kuthyola, pamatenga miyezi pafupifupi 7 mpaka 9. Pamafunika kupirira, koma pomaliza mudzakhala ndi nkhani yonse ya khofi wa ku Misuku imene ngakhale omwa khofiyo kunja kwa dziko sanaionepo. Chimodzimodzi ndi chigwembe cha pafupi ndi sukulu. Chijambuleni mvula isanayambe, mudzachijambulenso itatha, mutaima pamwala womwewo. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi, phunziro la kukokoloka kwa nthaka silifunanso kulongosola kwambiri.

Kamera imathandizanso kumunda. M'nyengo ya ulimi ya 2016/2017 kuno kunabuka mbozi zowononga chimanga zimene ambiri amazitcha ntchemberezandonda. Zimabisala mumtima mwa chimanga, ndipo zimafanana ndi mbozi zina. Mukaipeza imodzi, ikani patsamba, musendeze foni mpaka pamene chithunzi chikuonekabe bwino, mudine pa mboziyo, mujambule. Mukakulitsa chithunzicho yang'anani zinthu ziwiri: pamutu chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Jambulaninso masamba obooka. Makolo anu akhoza kuonetsa zithunzizo kwa alangizi a zaulimi, amene adzadziwa chochita ngakhale asanafike kumundako. M'munda mothiridwa mankhwala musalowemo.

Koma ntchito imene ndikulakalaka ana a ku Chitipa mutaigwira ndi iyi. Boma lanu ndi limodzi mwa maboma a zilankhulo zambiri m'Malawi muno: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina, kuwonjezera pa Chichewa ndi Chingerezi cha kusukulu. M'kalasi imodzi mukhoza kupezeka ana olankhula zinayi kapena zisanu. Jambulani zinthu za tsiku ndi tsiku, chimodzichimodzi: mtondo, lichero, khasu, mawere, mpendadzuwa, nkhokwe, mbiya. Pa chithunzi chilichonse aliyense atchule dzina lake m'chilankhulo cha kwawo, wina azilemba. Mudzapeza mayina ena akufanana, ena akusiyana kutalitali, ndipo pena palibe mwa inu amene akudziwa, mpaka mukafunse agogo. Pamenepo ndiye pokoma. Agogo akamafotokoza, apempheni kuti mujambule manja awo akuluka dengu kapena akuumba mphika, ndipo mulembe zimene anena. Mabuku a ana a zilankhulo zimenezi ndi ochepa kwambiri, ndipo palibe mlendo amene angalipange bwino buku lotere kuposa inu.

Nkhope ili ndi mwini wake

Musanajambule munthu, mupempheni. Wamkulu mumufikire mwaulemu monga mmene munaphunzitsidwira kwanu: "Agogo, kodi mungandilole ndikujambuleni?" Akakana, zathera pomwepo. Akalola, muwaonetse chithunzicho, ndipo ngati sanachikonde chifuteni iwo akuona. Munthu amene akusamba, amene akudwala, amene wagwa kapena wachita ngozi, ameneyo safunika kamera, amafunika ulemu kapena thandizo. Pamaliro foni ikhale m'thumba pokhapokha eni mbumba atakutumani. Popeza Chitipa yachita malire ndi Tanzania ndi Zambia, dziwaninso kuti pachipata cha m'malire, papolisi ndi pamene pali asilikali sipojambula popanda chilolezo.

Chithunzi chikangotumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook sichibwezeka. Paja ndi manambala, ndipo aliyense amene wawalandira akhoza kuwakopera n'kupatsa wina. Chithunzi chochititsa manyazi mnzanu chimene mwatumiza mukuseka lero chikhoza kumutsatira mpaka atakula. Ndiye musatumize chithunzi cha mwana mnzanu, ngakhale chanu chomwe, makolo asanadziwe. Ndipo munthu wina aliyense, kaya mlendo wa pa intaneti kaya womudziwa, akakupemphani chithunzi muli osavala, kapena akakuuzani kuti zimene mukutumiziranazo zikhale zachinsinsi, musatumize. Uzani mayi, bambo kapena aphunzitsi amene mumawakhulupirira. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi. Wolakwa ndi wopemphayo, osati inu.

Dziwaninso kuti manambala aja amasinthika. Munthu akhoza kusintha mtundu wa malaya, kuchotsa wina pachithunzi, kapena kuuza kompyuta ipange chithunzi cha chinthu chimene sichinachitikepo. Mukalandira chithunzi chodabwitsa, funsani kuti anajambula ndani, liti, kuti. Yang'anani ngati mithunzi yonse ikugwera mbali imodzi. Inu amene mwaphunzira kufunsa kumene dzuwa lili mudzagwira mabodza ena amene akuluakulu angawapite.

Ambiri mwa inu mulibe foni yanuyanu, ndipo palibe vuto. Ya mayi kapena ya achemwali ndi yokwanira, mukaipempha pa nthawi yabwino, osati batire ili pafupi kutha pamene kotchajitsa n'kutali kapena sola sinaone dzuwa. Gwirizanani kuti muitenga kwa mphindi zingati, ndipo ganizirani chimene mukukajambula musanaigwire. Mukabwerako khalani pansi musankhe. Pa zithunzi 20 sungani zitatu zabwino, zinazo futani kuti foni isadzaze. M'kope lembani tsiku, malo ndi mayina a anthu amene ali pa zitatuzo, chifukwa pakatha zaka palibe adzakumbukire. Zithunzi zakale za boma lanu mukhoza kuzipeza zitalembedwa kuti Fort Hill, dzina la Chitipa m'nthawi ya atsamunda, ndipo timazindikira malowo chifukwa wina analemba.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Chithunzi chimene mwachikonda kwambiri chikopereni pa foni ina ya m'banjamo. Ndipo makolo akamapita ku boma, apempheni akatsukitseko chimodzi ku situdiyo, chituluke papepala. Kuseri kwake lembaniko ndi pensulo, chifukwa bolopeni imadinda n'kuonekera kutsogolo.